Mafunso a Owerenga: Kodi Ndege ya Amelia Earhart Inanyamula Bwato Lopulumukira?

A Mkonzi,

Ndine mphunzitsi wa mbiri yakale pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Mzuzu, ndipo ndimayang'aniranso gulu la ophunzira lochita mitsutso. Posachedwapa tinawerenga za Amelia Earhart, mayi wa ku America amene anasowa ndi ndege yake pa nyanja ya Pacific m'chaka cha 1937. Chimene chatiimitsa mitu ndi nkhani ya zipangizo zopulumukira pangozi. Mwamuna wake anauza atolankhani kuti m'ndegemo munali bwato la mphira lochita kupopa ndi zida zina zoitanira thandizo, koma amene anali pa bwalo lomwe ndegeyo inanyamukira komaliza amati mayiyo anatsitsa katundu wambiri kuti ndege ipepuke. Za maparachuti nazonso, buku likuti anawasiya ku Australia, pamene nyuzipepala ya kumeneko ikuti n'komwe anawalandirira. Ophunzira anga agawikana pawiri: ena akuti mwamuna wake ndiye wodziwa zoona, ena akuti onsewa ndi abodza. Tikhulupirire ndani, ndipo pa chifukwa chanji?

Mphunzitsi, Katoto, Mzuzu

Aphunzitsi, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu. Magulu onse awiri a ophunzira anu aphonya, ngakhale kuti aphonya mosiyana. Amene akutsamira kwa mwamuna wake akuganiza kuti munthu amene amakudziwa bwino ndiye amadziwanso chilichonse chimene unachita uli kutali naye, pamene amene akuti onse ndi abodza ataya mboni zabwino pamodzi ndi zofooka chifukwa chongotopa ndi ntchito yozisiyanitsa. Ine maganizo anga ndi akuti pa nkhani imeneyi palibe mboni imene tili ndi chifukwa choitchulira wabodza, koma mboni iliyonse ili ndi malire a zimene inaona, ndipo ntchito ya ophunzira anu ndi kupeza malirewo.

Ulendowo unali wozungulira dziko lonse pa ndege ya injini ziwiri ya mtundu wa Lockheed Electra. Earhart ndiye ankayendetsa, ndipo Fred Noonan ndiye ankalondolera njira poyang'ana dzuwa ndi nyenyezi. Ananyamuka ku Miami pa 1 June 1937, nadutsa ku South America, ku Africa kuno kudzera ku Dakar ndi Khartoum, ku India, mpaka kufika ku Darwin m'dziko la Australia pa 28 June, ndipo tsiku lotsatira anatera ku Lae, pa chilumba cha New Guinea. Pa 2 July nthawi ya 10 koloko m'mawa ananyamuka ku Lae kulowera ku Howland, kachilumba kamene kutalika kwake sikufika makilomita atatu, kali pa mtunda wa makilomita oposa 4,000 pakati pa nyanja. Sitima ya pamadzi ya boma la America yotchedwa Itasca inkawadikira kumeneko, ndipo ogwira ntchito pa wailesi ya sitimayo anamumva mayiyo akunena kuti ayenera kuti afika pamalopo koma sakuwaona ndiponso mafuta akuchepa. Uthenga womaliza unamveka nthawi ya 8:43 m'mawa pa nthawi ya ku Howland, patapita maola pafupifupi 20 chinyamukireni ku Lae. Ndegeyo sinapezeke mpaka lero, choncho zonse zimene timakamba za katundu amene anali m'kati mwake zimachokera pakamwa pa anthu ndi pa mapepala.

Tiyambe ndi mwamuna wake, George Putnam. Iyeyu sanali mwamuna wa kunyumba chabe. Ndiye ankasonkhanitsa ndalama za ulendowo, kukambirana ndi maboma ndi makampani, ndi kulankhula kwa atolankhani, kotero kuti pa funso lakuti anagula zipangizo zanji ndipo anakonza zotani, ndi mboni yamphamvu ndithu. Vuto lili pa tsiku ndi malo. Putnam anaiona ndegeyo komaliza ku Miami pa 1 June, ndipo pamene inkasowa n'kuti iye ali ku California, patapita mwezi wathunthu ndegeyo ikutera ndi kunyamuka m'mayiko ambiri, katundu akukwezedwa ndi kutsitsidwa. Munthu amene wakuperekezani pa depoti ya Mzuzu angalumbire moona mtima kuti munakwera basi ndi zikwama zitatu, koma sangadziwe ngati chimodzi munachisiya kwa achibale pa Jenda, ndipo kulumbira kwake konse sikungasinthe chimene chinafika ku Lilongwe. Pali chinanso chimene ophunzira anu ayenera kuchiganizira mwachifundo. Putnam ankalankhula m'masiku amene sitima ndi ndege za asilikali zinali pa ntchito yofunafuna mkazi wake, ntchito imene inadya ndalama pafupifupi madola 4 miliyoni, ndipo mawu akuti awiriwo ali ndi bwato, chakudya ndi zida zoitanira thandizo ankapatsa boma chifukwa chopitirizira kufunafunako. Sindikunena kuti ananama. Munthu amene ali m'chisoni chotere amagwiritsitsa chilichonse chopatsa chiyembekezo, ndipo zimene anakonza mwezi wathawo amazinena ngati zimene zilipo lero. Anthu ena odziwa za ndegeyo ananenanso kuti matanki ake opanda mafuta angaiyandamitse pamadzi kwa nthawi, mawu amene anali kuwerengera kwa papepala, osati chinthu chimene wina anachiona.

Pali pepala limodzi limene anthu ambiri amalithamangira, ndipo mwina ophunzira anu alipeza kale pa intaneti. Ulendo wa mu June unali wachiwiri. Woyamba unathera ku Hawaii pa 20 March 1937, pamene ndegeyo inasempha pothamanga kuti inyamuke pa bwalo la Luke Field n'kuwonongeka kwambiri. Asilikali amene anaipakira kuti ibwerere ku California pa sitima analemba mndandanda wa zinthu zimene anazipeza m'kati mwake. Mndandanda umenewu ndi umboni wabwino kwambiri, chifukwa unalembedwa nthawi yomweyo ndi anthu amene ankagwira katunduyo ndi manja ndipo analibe chopindula pa kuwonjezera kapena kubisa kanthu. Koma ndi umboni wa mwezi wa March, wa ulendo wolowera kumadzulo, pamene m'ndegemo munalinso Harry Manning, amene sanapite nawo pa ulendo wachiwiri. Ndegeyo itakonzedwa zinthu zina zinasintha. Mwachitsanzo, waya wautali wa wailesi amene ankatambasulidwa kumbuyo kwa ndege ili m'mwamba anachotsedwa. Choncho chimene chili pa mndandandawo sichitsimikiza kuti chinaliponso mu July, ndipo chimene palibepo sichitsimikiza kuti sichinawonjezedwe pambuyo pake.

Nkhani ya maparachuti ndiyo yoyenera kuikhalira pansi, chifukwa mboni zake zikutsutsana maso ndi maso. Buku la Last Flight, limene linatuluka m'chaka chomwecho cha 1937 ndi dzina la Earhart, limanena kuti maparachuti anasiyidwa ku Darwin kuti atumizidwe kwawo, popeza pamwamba pa nyanja sakanathandiza kanthu. Nyuzipepala ya ku Australia ya masiku omwewo inalemba zosiyana, kuti maparachuti awiri anali atatumizidwa kuchokera ku America kukawadikira ku Darwin, ndipo mayiyo atangotera anafunsa ngati afika. Palinso chithunzi chojambulidwa ku Darwin chimene chikuonetsa maparachuti ali pansi pambali pa ndege pamodzi ndi katundu wina.

Wophunzira wofulumira anena kuti mwini ulendo ndiye woyenera kumukhulupirira kuposa mtolankhani. Koma bukulo silinamalizidwe ndi Earhart. Linasonkhanitsidwa ndi Putnam mayiyo atasowa kale, kuchokera ku nkhani zimene ankatumiza ku nyuzipepala, makalata ndi zolemba zake za m'njira, ndipo amene amasonkhanitsa zidutswa zotere amayenera kuzilumikiza kuti ziwerengeke bwino. Ngati Putnam anaona mawu akuti Darwin ndi maparachuti pamalo amodzi, kunali kosavuta kuti aganize kuti anasiyidwa kumeneko, popeza nzeru yake ikumveka. Mtolankhani uja, mosiyana ndi Putnam, anali pa bwalo la ndege tsiku lomwelo ndipo analemba ndegeyo isanasowe, pamene nkhani ya maparachuti inalibe phindu lililonse kwa aliyense. Mfundo imeneyi ine ndimaiona yolemera kwambiri: umboni woperekedwa mlandu usanabuke umakhala wosadetsedwa ndi zofuna za anthu. Komanso n'zovuta kumvetsa chifukwa chimene munthu angatumizire katundu ulendo wautali chotere kupita ku Darwin ngati sankafuna kumugwiritsa ntchito kutsogolo kwa Darwin, makamaka podziwa kuti pakati pa Darwin ndi Lae pali mapiri aatali a New Guinea, kumene parachuti ingapulumutse moyo. Chithunzi chija sichithetsa mkangano, chifukwa katundu amene ali pansi pambali pa khomo la ndege amaoneka chimodzimodzi kaya akukwezedwa kaya akutsitsidwa. Ine ndikanakhala woweruza ndikanapereka mfundo ya Darwin kwa mtolankhani, kuti maparachuti analandiridwa kumeneko. Koma ndikanamuimitsira pomwepo, chifukwa iye sanapite ku Lae, ndipo n'zotheka kuti mapiri atadutsidwa maparachutiwo anatsitsidwa ku Lae n'kutumizidwa kwawo, zimene zingapangitse bukulo kukhala lolondola pa chochitika koma lolakwa pa malo.

Ku Lae n'kumene kuli mboni zofunika koposa. Yoyamba ndi Earhart mwini, amene m'nkhani imene anatumiza ali kumeneko ananena kuti iye ndi Noonan anapakiranso ndege n'kuchotsa chilichonse chosafunikira, ngakhale katundu wawo wa iwo eni. Chifukwa chake n'chodziwika. Ndegeyo inamwetsedwa magaloni 1,100 a mafuta pa muyeso wa ku America, omwe ndi malita oposa 4,000 olemera pafupifupi matani atatu, ndipo inayenera kunyamuka pa bwalo la udzu la mamita pafupifupi 900 lothera m'mphepete mwa nyanja. Chiwerengero cha mafutachi chimapezeka m'malipoti a anthu awiri amene anali pomwepo: Eric Chater, mkulu wa kampani ya Guinea Airways, amene analemba lipoti lake m'mwezi womwewo wa July, ndi James Collopy, woyang'anira za ndege m'derali, amene analemba lake mu August. Collopy anafotokozanso kuti ndegeyo inanyamuka movutikira, n'kutsika itangochoka pa bwalo, n'kumauluka pafupi kwambiri ndi madzi. Lipoti la Chater linasowa kwa zaka zoposa 50 mpaka linapezeka m'mafayilo a kampani ina ya migodi ku Canada kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kutanthauza kuti silinakhudzidwe ndi mikangano yonse imene inabuka pakatipo. Ngakhale zili choncho, ophunzira anu akumbukire kuti amuna awiriwa anali m'tauni imodzi yaing'ono masiku amenewo, ndipo kugwirizana kwawo kungakhale kochokera pa gwero limodzi, monga kwa amene anathira mafutawo.

Malipoti amenewa ndi amphamvu pa za mafuta, nyengo, mavuto a wailesi, ndi mfundo yomvetsa chisoni yakuti Earhart ndi Noonan onse sankatha kuwerenga bwino uthenga wa Morse, umene umatumizidwa pa wailesi ndi kulira kwakufupi ndi kwakutali m'malo mwa mawu. Koma si mindandanda ya katundu, ndipo mawu akuti anachotsa chosafunikira satiuza ngati mayiyo ankaliona bwato lopulumukira ngati chosafunikira. Apa m'pamene ophunzira ambiri, ngakhale akuluakulu olemba mabuku, amadumpha mpanda. Woganiza kuti Earhart anali wosasamala amamva mawuwo n'kunena kuti bwato linatayidwa, ndipo woganiza kuti anali wochenjera amati sakanataya chinthu chotere ali pafupi kuwoloka nyanja kwa maola pafupifupi 20. Onse awiriwo akutiuza maganizo awo pa khalidwe la mayiyo, osati chimene chinali m'ndege.

Mboni ina ya ku Lae ndi Harry Balfour, amene ankagwira ntchito pa wailesi ya kumeneko ndipo analankhula ndi Earhart maso ndi maso. Patapita zaka makumi angapo, poyankha ofufuza amene ankamulembera makalata, anakumbukira kuti mayiyo anamusiyira mfuti yaing'ono ndi mabuku ena a za wailesi. Balfour analipodi, ndipo chinthu chimene munthu wachilandira m'manja sichiiwalika msanga, choncho pa mfundo yakuti analandira kanthu ndimamukhulupirira. Chenjezo langa lili pa zaka zimene zinapitapo. Pofika nthawi imene ankalemba, nkhani ya Earhart inali itasimbidwa m'manyuzipepala ndi m'mabuku osawerengeka, ndipo munthu amene wafunsidwa funso limodzimodzi kambirimbiri amayamba kusakaniza zimene anaona ndi zimene anawerenga, iye mwini osazindikira. Olemba ena anatenga mfuti imeneyi n'kuisandutsa mfuti yoombera moto wa chizindikiro m'mwamba, kenako n'kunena kuti awiriwo anapita opanda choitanira thandizo. Kuwonjezera kumeneku ndi kwa olembawo, ndipo sikuyenera kuikidwa pakamwa pa mboni.

Zimene zinachitika pa kufunafuna kuja zikuonetsa mmene mawu a mboni imodzi amalowera m'maso mwa mboni ina. Usiku wa pa 5 July, anthu a pa Itasca anaona kuwala m'mwamba kumpoto kwa Howland, ndipo popeza ankayembekezera kuti osowawo ali ndi zida zoombera moto, anatumiza uthenga pa wailesi kufunsa Earhart ngati ndi iye waombera. Nkhaniyo inafalikira msanga, koma pambuyo pake kunadziwika kuti zinali nyenyezi zothothoka. Amalinyero amenewo sanali abodza kapena opusa. Anaonadi kuwala, koma tanthauzo la kuwalako analitenga ku zimene anauzidwa. Nakonso kusapezeka kwa bwato panyanja sikutsimikiza kuti kunalibe, chifukwa ndege za pa sitima yaikulu ya Lexington zinayamba kufunafuna pa 13 July, patapita masiku 11, pa dera lalikulu kwambiri la madzi oyenda.

Chigamulo chimene ndingapereke kwa gulu lanu n'chakuti zipangizo zopulumukira zinali m'makonzedwe a ulendowo, ndipo pa ichi Putnam ndi wokwanira. Kuti katundu anachepetsedwa ku Lae n'kotsimikizika, chifukwa mwini ulendo analemba yekha ali pomwepo. Koma mawu akuti bwato linali m'ndege pa 2 July amachokera kwa munthu amene sanali ku Lae, ndipo mawu akuti linatsitsidwa amachokera kwa anthu amene akutanthauzira mawu a ena, choncho wophunzira amene angaime pa mtsutso n'kunena chimodzi mwa ziwirizi ngati choonadi chotheratu ayenera kufunsidwa kuti atchule mboni yake, malo amene inaima, ndi tsiku limene inayamba kunena zimenezo. Ndikupemphani kuti mupatse wophunzira aliyense mboni imodzi, aiimire ndi kuiteteza pa zokhazo zimene inaona, anzake n'kumamufunsa mafunso mpaka malire ake aoneke.

A Mkonzi,

Pamene ndege imene inanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino inasowa ikubwera kuno ku Mzuzu, tinamva kuti ndege zimakhala ndi kachipangizo kamene kamaitana thandizo kokha ndege ikagwa. Kuno ena amati kanalimo, ena amati munalibe. Zoona n'ziti?

Mayi wa ku Luwinga, Mzuzu

Mayi, funso lanu likukhudza bala limene silinapole m'mitima ya Amalawi, ndipo ndiliyankha pa zokhazo zimene ofufuza analemba. Ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inanyamuka ku Lilongwe m'mawa wa pa 10 June 2024, inakumana ndi nyengo yoipa isanatere ku Mzuzu, ndipo inapezeka tsiku lotsatira m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu onse asanu ndi anayi amene anali m'menemo, kuphatikizapo Dr Saulos Chilima, anamwalira. Kachipangizo kamene mukunenako kamatchedwa ELT. Kamakhala ndi batire lakelake, ndipo ndege ikamenyetseka mwamphamvu kamayamba kokha kutumiza chizindikiro pa wailesi. Tamakono timatumiza pa 406 MHz ku masetilaiti a dongosolo la mayiko onse lotchedwa Cospas-Sarsat, limene limadziwitsa opulumutsa anthu dera limene chizindikirocho chikuchokera.

Kusiyana kwa nkhaniyi ndi ya Earhart n'kwakuti pano ndege inapezeka, kotero kuti sitidalira zokumbukira za anthu. Akatswiri a bungwe lofufuza ngozi za ndege la ku Germany, BFU, amene boma linawaitana, analemba m'lipoti lawo kuti kachipangizoka kanalimo, koma batire lake linali litatha nthawi yake m'chaka cha 2004. Choncho amene akuti kanalimo akunena zoona, ndipo amene akuti munalibe ayenera kuti anamva kuti palibe chizindikiro chimene chinathandiza ofunafuna n'kuganiza kuti kachipangizoko kunalibe. Lipotilo linanenanso kuti ndegeyo inalibe makina ojambula mawu a oyendetsa kapena osunga za kayendedwe kake, ndipo njira imene inadutsa anailondola pogwiritsa ntchito zimene zinasungika mu kachipangizo ka GPS kamene kanali m'ndegemo.